Kupanga mpini wamtengo wa sikuludiraiva

Chogwirira chapulasitiki chikasweka musataye sikuludiraiva yonse ayi, chitsulocho chikadali ndi ntchito. Pezani kamtengo kolimba kouma bwinobwino, kotalika masentimita 10 kapena 12, kakakhala kauwisi kamadzang'aluka pouma kenako chitsulo nkumagwedera mkati.

Boolani kaye musanayambe kusema, apa mpomwe ambiri amalakwitsa, bowolo likhale locheperako pang'ono kuposa chitsulo kuti chilowe mothina. Kukamwa kwa bowolo vekani kachidutswa ka paipi yakopa, kameneka ndi kamene kamagwira mtengo kuti usang'ambike, ine mpini wanga woyamba sindinaikepo ndipo unang'ambika tsiku lomwelo ndikulimbana ndi sikuluu yadzimbiri, zinandiwawa zedi.

Posema musaupange wobulungira ngati ndodo, mbali 6 kapena 8 ndiye zimagwirika bwino olo m'manja muli thukuta komanso sugubuduka pabenchi. Kumchira kwa chitsulo palani ndi tupa kuphwatalale kuti chisamazungulire mkati, pakani guluu wolimba wa epoxy nkukhomera chitsulocho m'bowolo pang'onopang'ono. Mukasalaza ndi sandipepa pakani mafuta a linseed kawiri katatu, vanishi ine sindimukonda, amaterera.