Pikapu ikamatentha pa Chiweta, yang'anani kilatchi ya fani

Muno mu Mzuzu kumazizira, ndiye vutoli limabisala. Mtauni galimoto imayenda bwinobwino, koma mukatsikira ku Karonga n'kumabwerera mutanyamula mpunga, pokwera Chiweta singano ya kutentha ija imayamba kukwera. Ambiri timathamangira kutsuka radiyeta, pomwe chafa ndi kilatchi ya fani, kachipangizo kolumikiza fani yoziziritsa radiyeta ndi injini.

M'kati mwake muli mafuta a silikoni. Injini ikatentha, kasipuling'i ka kutsogolo kamatsegulira mafutawo kuti fani igwire mwamphamvu. Akadontha, fani imangozungulira mwaulesi. Zimitsani injini ikadali yotentha, muzungulitse fani ndi dzanja. Ikangoti fwee osalimba, yatha. Fumbi lonona lomatirira pamenepo limanenanso zomwezo.

Posintha, dikirani injini izizire. Masulani manati omangira kilatchiyo lamba wa fani asanachoke, chifukwa lambayo ndi amene amagwira pule kuti isamazungulire. Pa Hilux zambiri ndi manati anayi, koma pikapu zina zili ndi nati imodzi yaikulu, ndipo ina imamasukira kumanzere ina kumanja, choncho onetsetsani musanakakamize sipanala. Chonde, ikani katoni pakati pa fani ndi radiyeta. Ine ndinabowolapo radiyeta ndi sipanala yoterereka, ndalama zake zimandipwetekabe.

Tulutsani fani pamodzi ndi chikuto chake, muisamutsire pa kilatchi yatsopano osaitembenuza. Musanamange, gwedezani pule ya pampu ya madzi. Ikamasewera, sinthani pampuyo nayonso tsiku lomwelo, apo ayi mumasulanso zonsezi sabata yamawa.