Momwe mungaphunzirire mneni wa Chingerezi wotchedwa subjunctive

Alembi ambiri a makomiti a mpingo, a sukulu ndi a mabungwe amadabwa akakumana ndi chiganizo chakuti "The committee recommended that the treasurer submit the report," ndipo ena amafulumira kuwonjezera "s" kuti pakhale "submits" poganiza kuti wolembayo anaiwala. Chiganizocho n'cholondola monga chilili. Mneni wotereyu amatchedwa subjunctive, ndipo ntchito yake ndi kunena za chinthu chimene chikufunika, chikupemphedwa kapena chikungoganiziridwa, koma sichinachitike.

Poyamba, yang'anani Chichewa chimene mumayankhula tsiku ndi tsiku. Timati "Komiti yapempha kuti msungichuma abweretse lipoti," osati "abweretsa," ndipo "e" wakumapetoyo ndiye akusonyeza kuti lipotilo likuyembekezeredwa. Mukagwira ganizo limeneli, mwamaliza gawo lalikulu la ntchitoyi, chifukwa Chingerezi chikuchita zomwezo mwa njira yakeyake.

Kenako lowezani mawu amene amaitana mneni ameneyu. Odziwika kwambiri ndi recommend, suggest, propose, request, demand ndi insist, komanso essential, vital ndi important, akatsatiridwa ndi that. Pambuyo pa that, lembani mneni monga momwe amaonekera mu dikishonale, popanda "s" kapena "ed" kumapeto, ngakhale mneni woyambayo atakhala wa nthawi yakale. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, makamaka pa mneni be, amene sasintha kukhala is, are kapena was. Mudzalemba "It is essential that every member be present," ndiponso "The chief demanded that the land be returned." Pofuna kukana, ikani not patsogolo pa mneni ndipo musalembe does kapena did, monga mu "The doctor suggested that she not travel."

Gawo lachitatu ndi kusamala tanthauzo, ndipo ine ndimaona kuti ili ndi gawo lofunika koposa kwa aliyense wolemba maminitsi kapena kalata ya ku ofesi. Chiganizo chakuti "He insisted that the clerk was in the office" chikutanthauza kuti munthuyo anakakamira kunena kuti kalalikiyo analimo mu ofesi. Koma "He insisted that the clerk be in the office" chikutanthauza kuti analamula kuti kalalikiyo apezeke mu ofesi. Choyamba ndi umboni, chachiwiri ndi lamulo, ndipo mlembi akasakaniza ziwirizi amalemba zimene msonkhano sunagwirizane.

Mukazolowera zimenezi, phunzirani mtundu wina umene umagwiritsa ntchito were ponena zinthu zongoyerekeza. Pamene ife timati "Ndikanakhala ine, sindikanasaina," Chingerezi chimati "If I were you, I would not sign." Pocheza anthu ambiri amanena was, koma m'kalata zofunika ndi pa mayeso a MSCE ndi bwino kulemba were.

Musadabwe mukaona zolemba za ku Britain zikuika should patsogolo pa mneni, monga "that the treasurer should submit the report." Njira imeneyinso ndi yovomerezeka, pamene ku America amakonda kusiya mneni payekha. Sankhani njira imodzi ndipo muitsatire kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto pa chikalata chanu.

Pomaliza, tengani maminitsi akale a komiti yanu, dulani mzere kunsi kwa chiganizo chilichonse chokhala ndi recommend kapena propose, ndipo dzifunseni ngati chinthucho chinachitika kale kapena chikuyembekezeredwa. Ngati mu Chichewa mukananena kuti "achite," pa mneni wa pambuyo pa that chotsani "s" kapena "ed," ndipo pamene pali is kapena was lembanipo be.