Momwe mungakankhire kuti lamulo loletsa nkhanza kwa ziweto likhwime kuno ku Harare

Lamulo loteteza nyama ku nkhanza lilipo ku Zimbabwe, koma ndi lakale. Limatchedwa Prevention of Cruelty to Animals Act, Chapter 19:09, ndipo linakhazikitsidwa mu 1960, dziko lino likadali Southern Rhodesia. Limaletsa kumenya nyama mwankhanza, kuisenzetsa katundu wopitirira mphamvu zake, kuimana chakudya ndi madzi, kuitaya, ngakhale kuinyamula moizunza. Vuto ndi chilango chake, chomwe ambiri amati n'chofewa. Ngati mukufuna kuti chikhwime, kudandaula pa Facebook kokha sikufikitsa nkhani kwa aphungu.

Choyamba, sungani umboni. Mukaona galu womangidwa pa tcheni chachifupi padzuwa lonse, nthiti zili poyera, mbale yamadzi itauma, jambulani. Chimodzimodzi nkhuku zothinikizidwa m'khola la mawaya ku Mbare Musika, zina zitayasama milomo ndi kutentha, kapena abulu okoka ngolo ku Epworth ali ndi zilonda m'khosi. Lembani tsiku, nthawi ndi malo. Musalowe pakhomo pa munthu popanda chilolezo, mlandu ungakutembenukireni.

Chachiwiri, kaneneni kupolisi yapafupi, ndipo musachoke osatenga nambala ya RRB, yomwe ndi nambala ya dandaulo lanu m'buku la apolisi. Apa m'pomwe ambiri timalephera. Timanena pakamwa, wapolisi n'kugwedeza mutu, ife n'kumapita. Popanda nambala ija, nkhani yanu kulibe. Imbiraninso mabungwe oteteza nyama ku nkhanza, a SPCA ya ku Harare kapena a ZNSPCA ya dziko lonse, chifukwa ali ndi mainsipekitala ovomerezeka ndi lamulo lomweli, omwe angathe kulanda chiweto chozunzidwa ndi kukankhira nkhani kukhoti.

Chachitatu, tsatirani mlanduwo mpaka mumve chigamulo. Ngati wolakwa walipitsidwa kandalama kosakwana n'komwe mtengo wa mbuzi, lembani. Zigamulo zoterezi n'zimene zimatsimikizira aphungu kuti lamulo lafooka.

Chachinayi, lembani pempho ku Nyumba ya Malamulo. Gawo 149 la malamulo aakulu a dziko a mu 2013 limapatsa nzika iliyonse, komanso aliyense wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno, ufulu wopempha Nyumbayi kuti ipange, isinthe kapena ichotse lamulo. Ena mwa ife a ku Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa tinakula tikumva kuti ndife alendo, zandale sizitikhudza. Zimenezo zinatha. Gawo 43 limati wobadwira kuno malamulowa asanayambe, kholo lake lili la dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye ankakhala kuno pa tsiku lomwe malamulowa anasindikizidwa mu 2013, ndi nzika. Chichewa nachonso chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'gawo 6.

Pempholo lipite kwa Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo ku Mount Hampden. Likhale laulemu, losainidwa, ndipo linene chinthu chenicheni chomwe mukufuna. “Tetezani nyama” si pempho, ndi kulira chabe. Nenani kuti faindi ikwere, wopezeka wolakwa kawiri aletsedwe kuweta kwa zaka zakuti, kapena pakhale malire a katundu amene bulu angakoke. Ikanimo manambala a RRB aja ndi zithunzi. Likalandiridwa, limaperekedwa ku komiti ya aphungu yoona za nkhaniyo, ndipo angakuitaneni kuti mukafotokoze.

Chachisanu, musayende nokha. Kambiranani ndi akumpingo, a bungwe la maliro ndi khansala wa m'dera lanu, kenako kaonaneni ndi phungu. Pomufotokozera, musaiwale chiwewe. Galu wotayidwa, wosabayidwa katemera, akaluma mwana wopita kusukulu, nkhaniyo siikhalanso ya agalu okha, ndipo phungu amene ankayasamula amatchera khutu.

Pomaliza, tcherani khutu ku misonkhano yomvera maganizo a anthu. Gawo 141 limalamula Nyumba ya Malamulo kufunsa anthu pa mabilu, omwe ndi malamulo amene akukonzedwa, ndipo makomiti amayendera madera. Bungwe loona za malamulo la Veritas limafalitsa pa intaneti masiku ndi malo a misonkhanoyi. Fikani msanga, mulembetse dzina, mulankhule mwachidule, ndipo musiyire alembi a komitiyo kope lolembedwa la mfundo zanu.