Mmene mungasamalire mtsempha wa bypass kuti usatsekeke msanga

Amalume anga atabwerako ku India komwe anakapanga opaleshoni ya mtima ija amati bypass, chomwe tinkadabwa tonse si chipsera cha pachifuwa ayi koma cha kumwendo, chachitali kuyambira pa kakolo mpaka pabondo. Kumeneko nkomwe madokotala anachotsa mtsempha, dzina lake saphenous, nkukausokera pamtima kuti magazi azilambalala pomwe panatsekeka. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi René Favaloro ku Cleveland Clinic mu 1967 ndipo mpaka pano ikugwirabe ntchito. Patangotha miyezi 4 amalumewo ali pheee kuchira, kumunda ayamba kupita, nde akuti mapilitsi ausiku otchedwa ma statin asiya chifukwa kolesterol wawo, mafuta aja a m'magazi omwe mapilitsiwo amatsitsa, watsika. Apa mpomwe ndinayamba kulimbana nawo.

Choyamba mvetsani chomwe chikuchitika mkatimo, mukamvetsa simungasiye mankhwala mwachisawawa. Mtsempha wakumwendo uja unazolowera magazi oyenda pang'onopang'ono pobwerera kumtima, khoma lake ndi lopyapyala. Akauika pamtima umakumana ndi magazi othamanga mwamphamvu, nde podziteteza umayamba kukhuthala, ngati mmene chikhatho chimachitira zikang'a ukamalima tsiku ndi tsiku. Maselo a minofu omwe amakhala pakati pa khomalo amasamukira mkati nkuyamba kuswana, mpata wodutsa magazi uja nkumachepa. Madokotala amati intimal hyperplasia ndipo zimachitika kwambiri chaka choyamba. Kenako mafuta amabwera kudzamatirira pokhuthala pomwepo. Pofika zaka 10, pafupifupi theka la mitsempha yotereyi imakhala itatsekeka, zomvetsa chisoni kwabasi ukaganizira ndalama zomwe banja linasonkha.

Tsono ma statin, monga atorvastatin, simvastatin ndi rosuvastatin, amatsekereza enzyme ina, kanthu kofulumizitsa ntchito, m'chiwindi yotchedwa HMG-CoA reductase yomwe thupi limapangira kolesterol. Koma njira yomweyo imatulutsanso tinthu tina tomwe maselo a minofu aja amadalira kuti aswane komanso asamuke, nde mukaitseka nawonso amafooka, zimenezi anaziona pa maselo mu labu ndi pa nyama. Ma statin amathandizanso kachikopa ka mkati mwa mtsempha kutulutsa nitric oxide yemwe amaufewetsa. Kwa anthu enieni, kafukufuku wa Post-CABG yemwe anatuluka mu 1997 anatsata odwala 1,351, omwe anawatsitsa kolesterol mwamphamvu ndi statin wina wotchedwa lovastatin mitsempha 27 pa 100 ndi yomwe inaipiraipira, pomwe omwe anangowatsitsa pang'ono inali 39 pa 100. Ndiye kolesterol akatsika ndi umboni woti mankhwala akugwira, osati woti mwachira.

Kamwedwe kake nkosavuta. Tsiku lililonse, nthawi imodzimodzi. Simvastatin imwani madzulo chifukwa sakhalitsa m'thupi ndipo chiwindi chimapanga kolesterol wambiri usiku, atorvastatin ndi rosuvastatin nthawi ina iliyonse bola musamasinthesinthe. Mukaiwala tsiku limodzi musamwe awiri mawa lake, ingopitirizani. Ife tinawaikira amalume alamu pa foni ya 8 koloko, komanso botolo limakhala pafupi ndi wayilesi yawo poti nkhani zausiku saphonya. Ndipo musadikire kuti atheretu, akatsala a sabata imodzi yambani kufufuza, nthawi zina kuchipatala amasowa nde umayenera kuzungulira mafamase mtauni.

Poyezetsa magazi musangomva zoti "zili bwino" nkunyamuka, funsani nambala ya LDL, kolesterol woipa uja. Munthu wa bypass madokotala amafuna akhale pansi pa 1.8 mmol/L, ena mpaka 1.4. Lembani m'kabuku kanu ka kuchipatala kuti muziona ngati ikutsika. Ikakana kutsika dokotala atha kukweza mlingo kapena kuonjezera mankhwala ena otsitsa kolesterol otchedwa ezetimibe, koma zimenezo ndi za iyeyo osati inu.

Pomwe anthu ambiri amagwa mpa kusakaniza mankhwala. Ngati mukumwa ma ARV nenani poyera, makamaka aja okhala ndi ritonavir, chifukwa amachititsa kuti simvastatin adzadzane m'magazi mpaka kuononga minofu, awiriwa samwera limodzi ndipo dokotala amayenera kusankha statin wina. Clarithromycin, mankhwala opha mabakiteriya, chimodzimodzi. Manyumwa ndi juwisi wake apeweni ngati muli pa simvastatin kapena atorvastatin. Amayi oyembekezera kapena omwe akufuna pathupi akambirane kaye ndi dokotala.

Kuphwanya m'thupi pang'ono kumachitika kwa ena, musangosiya mwakachetechete ngati anachitira amalume, kauzeni dokotala akusinthireni mtundu wina. Koma minofu ikamapweteka kwambiri, mphamvu kutheratu, mkodzo nkuda ngati tiyi wopanda mkaka, siyani kumwa ndipo thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Chifuwa chikayambiranso kuthina mukamakwera chitunda, nazonso si zodikira tsiku la cheki apu.

Aspirin yemwe anakupatsani pitirizani, ntchito yake ndi ina, amaletsa magazi kuundana mumtsemphamo. BP ndi shuga ziziyezedwa. Fodya nde ayi ndithu, ngakhale ndudu imodzi yobisalira kuseri kwa bafa, amapsereza kachikopa ka mkati komwe statin akuvutikira kukonza.

Amalume anayambiranso kumwa titawajambulira paipi papepala nkumaidetsa mkati ndi bolopeni mpaka mpata kutsala ngati diso la singano. Pepalalo analimata pachitseko cha kabati, ndipo masiku ano alamu ikalira amakhala atatunga kale madzi.