Chokokera chowotcherera pa bampala chikutitayitsa chimanga

Pa kukolola kwa chaka chino pali chinthu chimodzi chomwe chandisowetsa mtendere. Kuyambira ku Lirangwe, kudutsa pa Lunzu mpaka ku Mpemba, alimi ndi mavenda ambiri akututa chimanga pa timakalavani tokokedwa ndi pikapu, ena ndi galimoto zazing'ono zochokera ku Japan. Kututako kulibe mlandu, hayala ya lole tonse tikudziwa m'mene yakwerera. Vuto lili pomwe kalavaniyo yagwira. Mukagwada n'kusuzumira kumbuyo, mupeza kuti kampira kachitsulo kokokera kaja angokawotcherera pa bampala. Ena angoboola bampalayo n'kulowetsapo chibawuti cha ku sikirapu, nati kunsi kulibe, angopotapo waya.

Bampala ya galimoto zambiri sanaipangire kukoka katundu. Ndi chitsulo chopyapyala, pa galimoto zazing'ono ndi pulasitiki yokhala ndi kachitsulo m'kati, ndipo ntchito yake n'kulandira kugunda. Alipo mapikapu ena omwe bampala yake inabwera ndi bowo la kampira komanso nambala ya kulemera komwe ingapirire, koma amenewo si omwe ndikuwaonawa. Chokokera chenicheni chimamangidwa ndi mabawuti ku chasisi, felemu yachitsulo ya pansi pa galimoto, pa mabowo omwe opanga galimoto anasiyira ntchitoyo, kuti mphamvu yonse yokoka ndi yokankha ilowe m'thupi la galimoto.

Mawu akukankhawo ndiye ambiri sawaganizira. Amayesa kalavani imangotsatira m'mbuyo mwaulemu. Tsikani nayo chitunda cha msewu wa ku Chikwawa kulowera ku Thabwa, mugwire mabuleki pa khona, mumva katundu yense akukusunthani. Pa hampu iliyonse komanso pa dzenje lililonse, kampirako kamakokedwera m'mwamba, kenako kamakanikizidwira pansi, ulendo wonse. Tsono moto wowotcherera umasintha kulimba kwa chitsulo chozungulira malo omwe wadutsa. Pamayamba timing'alu tosaoneka, mwini wake n'kupakapo penti yakuda, basi akuti zatheka. Chitsulo choterecho nthawi zambiri sichipindika kaye kuti chikuchenjezeni, chimangoti phwa! Anyamata owotcherera a ku Ndirande ndi ku Limbe sindikuwanyoza ayi, mageti ndi mafelemu a mawindo amawatha bwino kwambiri. Koma geti silithamanga pa M1 litasenza chimanga.

Tiwerengetsere pang'ono. Timakalavani tambiri topanda mabuleki tochokera ku South Africa, monga ta kampani ya Venter, timalembedwa kulemera kosapitirira makilogalamu 750, ndipo nambalayo ikuphatikiza kulemera kwa kalavani yomweyo. Matumba 15 a makilogalamu 50 akwana kale 750, kalavani tisanaiwerengere. Koma ndikuona anthu akusanja matumba 25, pamwamba n'kukhazikapo mnyamata woti azigwira. Amenewo ndi makilogalamu 1,250 atapachikika pa kamzere ka welding kotalika ngati chala. Ukawafunsa amangoti, "Timatero chaka ndi chaka." Yankho limeneli landitopetsa. Kupulumuka chaka chatha kwangokulitsa mng'alu womwe mwauyendera chaka chino.

Bambo wina wa ku Kunthembwe, mlimi wolimbikira ndithu yemwe amatsatira malangizo onse a kabzalidwe omwe ife alangizi a zaulimi timapereka, ndinamupeza akupakira. Nditagwedeza chokokera chake ndinamva chikulira. Ndinati, "Bambo, ichi musayende nacho." Iwo anaseka. "Alangizi, inu zanu ndi mizere ndi feteleza, zagalimotozi tisiyireni ife. Anawotcherera ndi mphwanga, ndipo amadziwa ntchito." Mwezi usanathe anandiimbira foni mawu akunjenjemera. Ankapita kukagulitsa ku Lunzu, atakwera hampu anangomva kupepuka. Mkono wa kalavani unazika pa tala, kalavani n'kugudubuka, matumba kuphulikira mu ngalande ya madzi oipa. Pomwe amapeza lole yoti iwole zotsala n'kuti anthu atatolera kale m'zitenje ndi m'zidebe. Wakabaza yemwe anali atanyamula mayi ndi mwana anali atangodutsa kumene pamalopo. "Akanachedwa pang'ono, bwenzi pano tikukamba za maliro ndi apolisi," anatero bambowo. Chimanga chomwe chinatayikacho chinali cha fizi ya mwana wa ku sekondale, ndipo pamwamba pake analipira lole, kuwongoletsa kalavani ndi kugula bampala ina. Ndalama zimenezo zikanagula chokokera chabwino n'kutsalako.

Mbali ina ya vuto lomweli ndi kampirako. Popeza amangokatola pa mulu wa zitsulo, palibe amafunsa saizi yake. Makalavani ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya amafuna kampira ka mamilimita 50. Koma m'misika mumapezekanso tamuyezo wa ku America: ka mainchesi 1 7/8 komwe ndi mamilimita 47.6, ndi ka mainchesi 2 komwe ndi mamilimita 50.8. Ndi maso simungasiyanitse. Kakang'onoko kamalowa mosavuta m'kamwa mwa kalavani, chogwirira n'kutsika bwinobwino, inu n'kumati zakhoma, chonsecho pali mpata woti pa hampu kavuke. Kakakuluko kamatha kulepheretsa chotsekera kufika pamapeto, ndiye anthu amachimenya ndi hamala. Nambala ya saizi kawirikawiri imadindidwa pamwamba pa kampira. Pukutani girizi muwerenge. Ngati palibe nambala musagule, ndipo ka 50 kakadyeka mpaka kufika pa 49 kachotseni.

Ndiye muchite chiyani? Gulani chokokera chopangidwira mtundu wa galimoto yanu, chokhala ndi kachitsulo kolembapo kulemera komwe chingakoke, ndipo akumangireni makaniko ndi mabawuti olimba olembedwa 8.8 pamutu, osati ogulira denga. Yerekezani nambala ya m'buku la galimoto, ya pa chokokera ndi ya pa kalavani, yochepetsetsa ndiyo malire anu. Matcheni akhale awiri, muwapingase pansi pa mkono wa kalavani kuti ukavuka ugwere pamenepo, ndipo akoledwe pa chokokera kapena pa chasisi, osati kukulunga pa kampira komweko. Linya ndi chingwe cha nayiloni si tcheni. Mukakola, yesani kunyamula mkono wa kalavani mwamphamvu, ukavuka ndiye kuti simunakhome. Katundu wochulukirako pang'ono akhale kutsogolo kwa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala a kalavani, chifukwa akalemera kumbuyo kalavani imayamba kupepeluka uku ndi uku mukathamanga. Magetsi a mabuleki ndi maindiketa ayake, za mapepala a kalavani kafunseni a Road Traffic. Mukayenda makilomita ochepa imani pambali muonenso manati ndi matcheni. Amene mwawotcherera kale, dulani chimenecho sabata ino nandolo asanayambe kupita ku Limbe, ndipo pakadali pano gawani katunduyo maulendo awiri pa pikapu yokha.