Kujambula nyenyezi zounjikana uli pakhomo pompo, opanda telesikopu

Abale, ine ndimakhala kufupi ndi Ulongwe kuno ku Angónia, ndipo aliyense akaona zithunzi zanga za nyenyezi funso ndi lomwelo, telesikopu munaigula kuti? Ndilibe ine telesikopu. Ndili ndi kamera yakale ya DSLR yogula kwa munthu, lenzi ya 50mm, ndi kabwalo kakuseri kwa nyumba basi.

Ngati mukuyamba kumene yambani ndi magulu a nyenyezi aja pachingerezi amati open cluster, nyenyezi zobadwira mu mtambo umodzi wa gasi zomwe zikadali pamodzi ngati anapiye. Zimawala kwambiri ndiye sizivuta. Gulu lodziwika ndi Nsangwe, azungu amati Pleiades kapena M45, kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 440 kuti kufike kuno, koma vuto lake madzulo imaoneka bwino Novembala mpaka Febuluwale, nthawi yamvula, mitambo yokhayokha. Mukaifunitsa dzukani 4 koloko m'mamawa mu Ogasiti, muyang'ane kum'mawa chakumpoto.

Ine ndimati yambani ndi gulu lina lotchedwa M7, Juni kapena Julayi, mwezi ukakhala mumdima. Cha m'ma 9 usiku pezani nyenyezi yofiira yotchedwa Antares, ili mu Chinkhanira, nyenyezi zondandana ngati chinkhanira, tsatani mchira wake mpaka kumbola, pambali pake mu Mlalang'amba muona kachifunga kowala, ndiye M7 ameneyo, ndipo gulu linanso, M6, lili pafupi moti onse amalowa m'chithunzi chimodzi. Kuno tili ndi mwayi, amakwera pamwamba zedi pomwe a ku Europe amangomuonera m'munsi mwenimweni. Ikani Stellarium, pulogalamu yoonetsa mapu a nyenyezi, mufoni ikulozereni. Musadikire Seputembala, anthu akayamba kutentha tchire ndi kusosa utsi umadzaza kumwamba, zithunzi zimatuluka zotuwa ngati phulusa.

Kamera isagwedezeke olo pang'ono. Tripod, kamiyendo itatu koikapo kamera, ngati mulibe chitani zomwe ndinkachita ine, kuvundikira mtondo pansi, pamwamba kathumba ka mpunga, kamera kuikhazika pamenepo itapenya kumwamba. Zimitsani babu lapakhonde, a neba muwapemphe mwaulemu, ndipo magetsi akathima dera lonse enafe timasangalala kkkk.

Kamera ikani pa M, kutanthauza manual, pomwe zonse mumatchera nokha, zithunzi zikhale RAW, zija zosakonzedwa ndi kamera, ISO 1600, kabowo ka lenzi f/2.8, shata itseguke masekondi 4. Chifukwa chake dziko likuzungulira, mukatsegula nthawi yaitali nyenyezi zimasanduka timizere. Kuti apeze masekondi osayenera kupyola, ena amawerengera 500 kugawa ndi mamilimita a lenzi, koma makamera ang'onoang'ono athuwa muyambe mwachulukitsa 50 uja ndi 1.5, zimabwera masekondi 6 ndi kanthu, ine ndimatsitsabe kufika 4.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa fokasi. Chotsani auto, yatsani live view kuti muzionera pa sikirini ya kamera, lozani Antares, kulitsani ka 10, ndiye muzipotoza lenzi pang'onopang'ono, kupitirira, kubwerera, mpaka nyenyeziyo ichepe ngati kansonga ka singano, mukatero matani tepi isasunthe. Musakhulupirire kachizindikiro ka infinity, ka zinthu zakutali kwambiri, kali pa lenzi, kananamiza ine usiku wonse, m'mawa kutsegula pa kompyuta zonse zili mbuu ngati timandasi, mtima unandiwawa.

Tsopano chinsinsi, chithunzi chimodzi sichikwana. Jambulani 100 zofanana, ndi taima ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze kamera, ndipo zikakwana 20 zilizonse bwezani gululo pakati poti limakhala likuthawira kumadzulo. Mukamaliza vindikirani lenzi mujambulenso 20 zamdima osasintha kalikonse, zimenezi zimathandiza kuchotsa timadontho ta kamera yeniyeniyo. Kenako zonse muziponye mu Sequator, DeepSkyStacker kapena Siril, onsewa ndi mapulogalamu a pa kompyuta aulere, azisanjikize kukhala chimodzi. Zithunzi 100 zimayeretsa manyerenyere, timadontho tija timadetsa chithunzi chausiku, pafupifupi ka 10 kuyerekeza ndi chimodzi, apa ndi pomwe mumaona nyenyezi zabuluu za M7 zili waa pamwamba pa Mlalang'amba. Pokonza musawalitse mopyola, mitundu imapsa zonse n'kukhala zoyera.

Kuzizira kwa kuno mukukudziwa, Juni ku Tsangano kapena Dómuè si masewera. Batire limatha msanga ndiye lina likhale m'thumba la jekete, komanso mame amagwira galasi mosadziwika, muziwunika ndi tochi yokutidwa kapepala kofiira kuti maso asataye mdima. Ine ndimaveka lenzi sokosi yakale yodula kumapazi, imachedwetsako mame.

A foni nanunso yesani pa Pro mode, masekondi 10, ISO 1600, foni itatsamira njerwa, M7 amatuluka kakang'ono koma amaoneka. Galu yekha mumangirire kaye, wanga anagwetsa kamera pa chithunzi cha 63 akuthamangitsa mphaka wa a neba.