Matayala odula kapena otchipa, onani izi kaye musanatulutse ndalama

Tayala likangoyamba kuonetsa waya mutu umayamba kuwawa, mwafika pa shopu akukuuzani kuti Michelin kapena Bridgestone ndi mtengo wakuti, Linglong kapena Triangle ndi theka lake, nde panja pali mnyamata akukunong'onezani kuti bwana ndili ndi a kaunjika ochoka ku Japan, mizere ikadali yonse. Ine maganizo anga ndi oti dzina la tayala lizibwera kumapeto. Choyamba ndi msewu umene mumayenda tsiku ndi tsiku, katundu amene galimoto yanu imasenza, ndi liwiro limene mumathamanga, zitatu zimenezi ndi zimene zikuuzeni ngati tayala lodula likuyenerani kapena mukungotaya ndalama.

Musanapite kokagula tsegulani chitseko cha dalaivala, pa chitsulo pamene chitseko chimatsekera pali kasitika kolemba saizi ya matayala ndi mpweya woyenera. Nambala imeneyo mufanizire ndi imene ili m'mbali mwa tayala lanu chifukwa magalimoto ambiri timagula atasinthidwa kale marimu. Tiyerekeze palembedwa 175/65 R15 84H, ngati zimene zimapezeka pa ma Vitz ndi ma Fit ena. 175 ndi kutambalala kwa tayala mu mamilimita, 65 ndi kutalika kwa khoma la m'mbali, kutanthauza 65 peresenti ya kutambalala kuja, 15 ndi kukula kwa rimu mu mainchesi. Anthu ambiri amathera pamenepa, koma nambala ndi chilembo zotsalazo, 84H, ndi zimene zimapulumutsa moyo. 84 akutanthauza kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 500, 88 ndi 560, 91 ndi 615. Chilembo cha kumapeto ndi liwiro limene tayalalo lingapirire, T ndi 190 pa ola, H ndi 210, V ndi 240. Olo simuthamanga choncho musatsike pansi pa zimene kasitika kaja kanena, chifukwa chilembocho chikunenanso za mmene tayala limapiririra kutentha, ndipo kuno mu Okotobala phula la ku Chikwawa ndi ku Nsanje silichita masewera.

A minibasi ndi a mapikapu onyamula katundu apa mumvetsere. Hiace imafuna tayala lokhala ndi C kumapeto, monga 195 R15C, kapena lolembedwa 8PR kapena LT, nambala zake zimakhala ngati 107/105, ndiye kuti makilogalamu 975 pa tayala limodzi. Kuika tayala la galimoto yaying'ono pa minibasi poti lakwana pa rimu ndi kuika moyo wa anthu pachiswe, kaya ndi Michelin kaya ndi chani. Tayala lotchipa la C ndi labwino kuposa lodula lopanda C, pamenepa palibe zokambirana. Ndi chimodzimodzi ma Sienta amene asanduka ma takisi, anthu odzadza kuphatikiza matumba a chimanga kumbuyo, sankhani nambala ya katundu yokwererapo.

Tsopano ndalama yambiri ija pa tayala lodula mumalipira chani? Osati dzina lokha ayi. Makampani ngati Michelin, Continental, Bridgestone, Goodyear ndi Pirelli amaononga ndalama zambiri posakaniza labala yoti izigwira pa msewu wonyowa koma isamathe msanga, zinthu ziwiri zimene zimakanganirana, chifukwa labala yofewa imagwira bwino koma imatha msanga, yolimba imakhalitsa koma imaterera. Tayala lotchipa kawirikawiri limakwanitsa chimodzi mwa ziwirizi, lodula limayesetsa zonse. Pa msewu wouma mukuyenda 50 m'tauni simungaone kusiyana, ndipo ndi chifukwa chake anthu ambiri amati ndi chimodzimodzi basi. Kusiyana kumaonekera mvula ya Januwale ikugwa, muli pa M1 mwadutsa Ntcheu mukupita ku Dedza, mbuzi kapena wa kabaza walowa mumsewu mwadzidzidzi nde mwaponda mabuleki ndi mphamvu zonse. Ku Ulaya matayala amagulitsidwa ndi sitika yoonetsa magwiridwe ake pa msewu wonyowa, kuyambira A kutsika m'munsi, ndipo pakati pa lapamwamba ndi lotsikitsitsa galimoto yothamanga 80 pa ola ikhoza kusiyana poima ndi mamita okwana 18. Ganizirani mamita 18 kuti ndi magalimoto angati ondondozana. Matayala ena amene amafika kuno amabwera ndi sitika imeneyi, mukaiona yang'anani pamene pajambulidwa kamtambo ka mvula, A kapena B ndi bwino, C ndi pakatikati, kutsika apo ine sindingakulimbikitseni ngati mumayenda maulendo ataliatali.

Ngati sitika palibe, yang'anani m'mbali mwa tayala mawu atatu awa, Treadwear, Traction ndi Temperature. Traction, ya magwiridwe pa msewu wonyowa, imayenda AA, A, B, C kutsika m'munsi, Temperature, ya kupirira kutentha, imayenda A, B, C, ndipo kuno kotentha ine ndimati Temperature ikhale A, mukavutika B. Treadwear ndi nambala monga 300 kapena 400, ikakwera ndiye kuti tayala likuyembekezeka kukhalitsa, koma nambala imeneyi kampani iliyonse imadziikira yokha nde imathandiza kwambiri pofanizira matayala a kampani imodzi.

Koma ndinene zoona, pali malo amene tayala lodula silingakubwezereni ndalama yanu. Dzenje silisankha dzina. Mukamenya dzenje lakuthwa m'mphepete pa liwiro, khoma la tayala limapanidwa pakati pa rimu ndi phula, ulusi wa m'kati umaduka, mawa lake mupeza latupa m'mbali, ndipo tayala lotupa m'mbali silikonzedwa, olo wokonza matayala akulonjezeni chigamba cha mtundu wanji. Ndiye ngati galimoto yanu ndi ya ku ntchito, ku sukulu ya ana, ku tchalitchi, misewu yake ya m'malokeshoni yodzadza maenje ndi miyala, liwiro losapyola 60, tayala lanu lidzafa ndi dzenje kapena msomali mizere isanathe. Pamenepo gulani lotchipa latsopano la kampani yodziwika, Sailun, Linglong, Triangle, Westlake ndi ena otero, ndalama yotsalayo mukonzere mashoko ndi alayinimenti. Ndipo ngati munaika marimu aakulu ndi matayala opyapyala aja a 40 kapena 45 chifukwa cha kukongola, misewu yathu idzakudyerani ndalama, khoma lalitali ngati 65 kapena 70 ndi limene limameza maenje.

Zoti chilichonse cholembedwa Made in China ndi chachabe tizisiye. Michelin yomweyo ili ndi mafakitale ku China. Chimene muyang'ane ndi ngati tayalalo lili ndi dzina loti mukalisaka pa intaneti mupeza kampani yeniyeni, lili ndi zilembo za DOT, lili ndi ka E m'kati mwa kabwalo kosonyeza kuti linavomerezedwa pa muyezo wa ku Ulaya. Tayala la dzina lachilendo loti ngakhale wogulitsayo akulephera kulitchula, lopanda zizindikiro zimenezi, lisiyeni.

Palinso gulu la pakati limene anthu amaliiwala, Hankook, Kumho ndi Nexen za ku Korea, Maxxis ya ku Taiwan, Falken ndi Toyo za ku Japan, komanso mayina ena amene ali m'manja mwa makampani akuluakulu omwe aja, Firestone ndi ya Bridgestone, General Tire ndi ya Continental, BFGoodrich ndi ya Michelin. Kwa munthu amene amayenda m'tauni koma mwezi ndi mwezi amakwera Lilongwe, Mzuzu kapena kunyanja, ine ndimaona kuti apa ndi pamene ndalama imagwira ntchito bwino.

Nanga lodula ndi la ndani? La munthu amene moyo wake uli pa msewu waukulu, Blantyre Lilongwe sabata ndi sabata, wotsika ndi kukwera mapiri a Chiweta kapena a ku Chikwawa kumene mabuleki ndi matayala zimatenthera limodzi, woyenda usiku, woyenda ndi banja nthawi ya mvula. Ameneyu makilomita ake ndi ambiri moti tayala limatha chifukwa cha kuyenda osati dzenje, nde masamu ake amasintha. Tingoyerekeza, mitengo si yeniyeni poti kwacha simakhazikika, tayala la K100,000 likakuyenderani makilomita 25,000 ndiye kuti kilomita iliyonse mwalipira K4, la K200,000 likayenda 50,000 ndi K4 yomweyo, koma lachiwirili mwapita kosinthitsa kamodzi kokha ndipo nthawi yonseyo limaima bwino pa mvula. Lembani penapake makilomita a pa dashibodi tsiku limene mwaika matayala, podzasintha mudzadziwa nokha ngati kampaniyo inakukomerani.

Tsopano za kaunjika, apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Ndikumvetsa kuti zinthu zavuta, chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 matayala atsopano anakwera moti ambiri sangakwanitse anayi nthawi imodzi. Koma Bridgestone yakale ya zaka zisanu ndi zitatu si tayala lapamwamba, ndi labala youma yokhala ndi dzina labwino. Pezani pamene palembedwa DOT, kumapeto kwake pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Pena manambalawa amakhala mbali imodzi yokha nde litembenuzeni. Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 liziunikidwa chaka ndi chaka, likakwana zaka 10 lichotsedwe olo mizere ikhalepo. Ndi dzuwa lathuli ine la kaunjika lopyola zaka 5 sindingaliike pa galimoto yonyamula ana. Ngakhale latsopano pa shopu onani deti, pali ena amene akhala m'sitolo zaka.

China chimene ambiri sadziwa, matayala ambiri ochoka ku Japan, kuphatikiza amene amabwera ndi galimoto pa doko, ndi a nyengo ya chisanu. Mudzawazindikira ndi mawu oti STUDLESS, kachizindikiro ka phiri kokhala ndi kanyenyezi ka chisanu m'kati, timizere ting'onoting'ono tokhotakhota tambirimbiri, ndi mayina ngati Blizzak, iceGUARD kapena Winter Maxx. Kumeneko mizere ikatha theka saloledwanso kuwadalira pa chisanu, nde amawachotsa akuonekabe onenepa, ife kuno nkumati tapeza mwayi. Labala yake ndi yofewa kwambiri, inapangidwira msewu woundana, pa phula lotentha imatha msanga, galimoto imachita ngati ikuyandama pa kona ndipo pa mvula imatenga mtunda wautali kuti iime. Lotchipa latsopano la nyengo yotentha limaposa limeneli kutali.

Ngati mwapanikizika ndithu ndipo kaunjika ndi yokhayo mungakwanitse, musagule lili pa rimu. Pisani dzanja m'kati mufufuze zigamba, chigamba cha pakati pamene pamaponda pansi n'chopiririka koma cha m'mbali ayi. Pindani khoma muone ngati ming'alu ikutseguka, onani mkombero umene umagwira rimu ngati sunadyeke. M'kati mwa mizere muli timabampu ting'onoting'ono, pena m'mphepete amaika kachizindikiro ka TWI kolozera pamene tili, mizere ikafanana nato ndiye kuti yatsala mamilimita 1.6 ndipo tayalalo latha. Samalaninso ndi matayala osemedwa, anthu ena amatenga losalala nkulidula mizere yatsopano ndi mpeni wamoto, mudzaona mizere yosalingana bwino, timabampu tija kulibe, pena waya akusuzumira pansi pa mzere.

Ndalama ikakwana matayala awiri okha, gulani awiri ofanana dzina ndi saizi aikidwe mbali ziwiri za ekiselo imodzi, osati kumanzere Dunlop kumanja china. Ndipo opanga matayala amalangiza kuti atsopanowo apite kumbuyo olo galimoto ikhale yokoka ndi kutsogolo. Ndikudziwa amakaniko ambiri anena zosiyana, koma kutsogolo kukaterera muli ndi chiwongolero m'manja, kumbuyo kukaterera pa kona yonyowa galimoto imazungulira musanadziwe chachitika.

Kaya mwagula lodula kaya lotchipa, tsiku lomwelo sinthani mavalavu, achite balansi ndi alayinimenti, chifukwa galimoto yokhota miyendo imadya tayala mbali imodzi m'miyezi yochepa ndipo mudzanamizira kampani. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, kamodzi pa mwezi ndiponso musananyamuke ulendo wautali, motsatira kasitika ka pa chitseko kaja osati nambala ya MAX imene ili pa tayala. Tayala lochepa mpweya likasenza katundu limapindikapindika, limatentha m'kati mpaka kuphulika, ndipo kugogoda ndi phazi sikuyeza. Makilomita 10,000 aliwonse muzisinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo la sipeya nalonso mulipope, muonenso deti lake.